Mwana Mmodzi, Mitengo Iwiri

1

Ine sindikhulupirira munthu. Ndinene zimenezi poyambirira kuti pasadzapezeke wondinena kuti ndinabisa. Munthu akamandisekerera ndimayang'ana manja ake, osati mano.

Ndakalambira pa bwalo la timu yaikulu ya mpira. Ndili mnyamata ndinkasewera pomwepo, mpaka tsiku limene bondo langa linaguluka. Amene ankaimba dzina langa anaimba la wina Loweruka lotsatira. Mabwana anandipatsa makina otchetchera kapinga n'kunena kuti andichitira chifundo. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kutchetcha, kuthirira, kulemba mizere yoyera ndi laimu, ndi kufotsera maenje amene nsapato za anyamata zimakumba. Sukulu sindinapite nayo patali, koma anthu a mpira ndinawaphunzira mpaka kumapeto. Kunyumba ndinkanena pamaso pa mkazi wanga ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, kuti wosewera mpira aliyense amene adzaponde pakhomo panga chifukwa cha mtsikanayo ndidzamudula miyendo ndi chikwanje. Sindinkaseka ponena, ndipo iwo ankadziwa kuti sindikuseka.

Ndiye kunabwera za chilengedwe. Timu inalemba ntchito mayi wina wophunzira, wovala jombo ngakhale mu ofesi, amene anyamata anamutcha Mayi Masamba. Chaka chisanathe denga la ochemerera linadzaza ndi magalasi otapa mphamvu ya dzuwa. Madzi a mvula anayamba kutsikira m'thanki yaikulu kuseri kwa bwalo. Udzu umene ndinkauotcha anati ndiziuunjika usanduke manyowa. Makapu omwera n'kutaya anawaletsa, anabweretsa otsuka, ndipo mwana wanga anapeza ntchito m'chipinda chotsukira makapuwo.

Chimene mayiyo anadana nacho kwambiri ndi mankhwala ophera udzu woipa.

"Madala, zitini zonse zituluke, kukubwera galimoto yodzazitenga. Izi zimapha nthaka, zimaphanso anthu."

Ndinatulutsa zonse kupatula chimodzi, cha timibulu tabuluu. Ndinachikankhira pansi pa matumba a laimu m'kanyumba kanga ka zipangizo. Cholinga ndinalibe. Ndinangoti zamafashoni zimatha, tsiku lina adzandifunsa okha.

Koma chimene anthu anachikonda ndi lamulo la mitengo. Mwana akabadwa kwa munthu aliyense wa timu, kaya wosewera, dalaivala kapena mlonda, bambo ake ankalandira mbande kwa Mayi Masamba n'kukaidzala ndi manja ake pa mzere wa kuseri kwa golo. Pa kamtengo kochirikiza mbandeyo ankamangirira kachitsulo kolembapo ntchito ya bamboyo. Maenje ndinkakumba ndine, kuthirira ndine. Mitengo ya ana a eni ake.

2

Mkazi wanga atandiuza kuti ali ndi pakati ndinamufunsa kawiri. Tinali titasiya kalekale kuyembekezera, imvi zitayamba kumusuzumira m'mphepete mwa duku.

"Mukunena zoona inu?"

"Nanga n'zoseka zimenezi, bambo? Adokotala akuti msinkhu wangawu ngoopsa. Akuti ndikakhale kwa achemwali, pafupi ndi chipatala chachikulu, mpaka ndichire."

"Ine anditsalira ndani pano?"

"Muli ndi manja. Mtsikanayu ndipita naye azikandisamala. Kuntchito kwake amulola."

Inali nthawi imene tinkafukula bwalo lonse kuti tiike mapaipi a madzi a mvula, ndipo tchuthi sakanandipatsa. Ndinapitako kamodzi kokha. Ndinapeza mkazi wanga ali chigonere, atafunda bulangeti mpaka m'khosi kukutentha choncho, mlamu wanga atakhala pambali ngati mlonda wa pa geti. Mtsikana anandiuza awiriwo kuti wapita kumsika. Ndinadikira mpaka basi yomaliza. Msika wakewo sunathe.

Anabwerako ndi mwana wamwamuna. Ndinamunyamula ndi manja anga okhakhalawa. Ku bwalo anyamata anandikweza m'mwamba ngati chikho.

"Madala agoletsa nthawi yoonjezera!"

Ndinaseka nawo, ine wosasekane. Mayi Masamba anandipatsa mbande, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakumba dzenje langalanga. Pa kachitsulo analembapo kuti Wosamala Bwalo.

Mwanayo pamaso panga ankamwa za m'botolo. Mkazi wanga anati mawere anauma ndi ukalamba. Akalira, mtsikana ndiye ankadumpha n'kulowa naye kuchipinda kwake, n'kukhoma.

"Amamukonda mlongo wake," anatero mayi ake. "Asiyeni, ine ndipumeko."

3

Pasanapite nthawi ndinapeza mtengo umene sindinaukumbire dzenje.

Unali wokhawokha kuseri kwa thanki, kumene sikufika anthu, kutali ndi mzere wa mitengo inayo. Mbande yofanana ndendende ndi yanga. Dothi lake lonyowa, lothiriridwa mmawa womwewo. Kachitsulo panalibe. Koma unamangiriridwa ku kamtengo kake ndi tepi yoyera, ija agoloboyi amakulunga nayo zala.

Ndinapita ku ofesi ya Mayi Masamba.

"Mayi, mwezi uno kwabadwa ana angati kuno?"

"Wanu yekha, madala. Bwanji?"

"Nanga mbande mwapereka zingati?"

Anasiya kuyang'ana ine n'kumayang'ana pawindo. "Munthu akapempha mtengo sindimumana. Dziko likufuna mitengo."

"Munthu wake ndani?"

"Anandipempha kuti ndisanene."

Ndinatuluka ndikuwerengera pa zala ngati mwana wa sukulu. Mwana mmodzi, mitengo iwiri.

Goloboyi wathu ankamutcha Khoma. Mnyamata wamtali, wosakwatira, wolankhula pang'ono, waulemu wotopetsa. Ndinayamba kukumbukira zinthu. Iye ndiye anabweretsa beseni ndi timalaya kunyumba, akuti anyamata asonkha. Iye ndiye ankati akandiona amavula chipewa n'kufunsa, "Kamnyamata kagona bwanji, madala? Nanga amayi?" Ine wopusane ndinkayankha mpaka kuthokoza.

Tsiku lina mtsikana anabwera ndi mwanayo kuntchito, monga anayamba kuchitira mayi ake akatuluka. Osewera anamuzungulira. Wina wakutsogolo, wapakamwa ngati wailesi, anatambasula kadzanja ka mwanayo.

"Eee, taonani zikhatho izi! Madala, apa simunabereke wotchetcha udzu ayi. Uyu ndi goloboyi!"

Onse anafa nazo kuseka. Khoma yekha sanaseke. Anawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

4

Madzulo ake ndinamupeza mkazi wanga akupinda zovala.

"Khoma amadzatani pano ine kulibe?"

Malaya anamupulumuka m'manja. "Wakuuzani ndani?"

"Wafunsa ndine."

"Amadzaona mwana, ngati anzake onse."

"Anzake onsewo anadzala mitengo?"

Anatola malaya aja n'kuwapinda pang'onopang'ono. "Bambo, pali maenje ena oti mukawakumba mugweramo nokha. Mwana muli naye, mukumukonda. Zisiyeni."

Sanakane. Mkazi amene ndakalamba naye sanakane.

Miyezi inapita nkhaniyo ikuwira mumtima mwanga ngati mphika wovindikira. Ndinkayang'ana nkhope ya mwanayo kufuna mphuno yanga, ndipo tsiku lina ndinkaipeza, tsiku lina ayi. Atayamba kukwawa ankabwera kudzagwira mwendo wa buluku langa kuti aimirire. Ine ndinkasuntha mwendo. Ankagwa chakutsogolo n'kundiyang'ana osalira, kudabwa chabe.

Mtengo wa kuseri kwa thanki unkakula kuposa wanga. Ndinamuona mwini wake ndi maso angawa, mmawa anzake asanafike, akuuthirira ndi botolo lake lomwera, kenako akusisita masamba ake ndi chala ngati akusisita tsaya.

Chikwanje ndinachinola pakhonde, onse akuona. Koma ndine nkhalamba ya bondo limodzi, ndipo mnyamatayo akanandipinda ngati waya. Ndinati chabwino, munthuyo ndimufikira pang'onopang'ono. Ayambe waona mtengo wake ukufa, adziwe kuti wina akudziwa.

Mmawa wina ndinasuntha matumba a laimu. Chitini chija chinali chikundidikira. Ndinapala dothi kuzungulira tsinde, ndinathira timibulu tija dzanja lodzaza, kenako lina, kenako linanso, kuposa mmene pankafunikira. Ndinawazapo kadothi pamwamba n'kukasamba m'manja.

Masamba anayamba kupindika, kenako kuchita chikasu. Ndipo taonani mmene satana amasekera. Khoma anabwera kwa ine, chipewa chili m'manja.

"Madala, inu mumazidziwa za mitengo. Kamene kali kuseri kwa thankiko kakufota. Nditani?"

"Ngakandani?"

"Ka mnzanga wina."

"Uzikathirira kwambiri," ndinatero. "Ndowa yodzaza, mmawa ndi madzulo."

Anathokoza. Anachitadi zimenezo. Ndipo ndowa iliyonse inkakokolola kadothi kanga ka pamwamba kaja.

5

Linali tsiku wamba, masana, nthawi yopuma. Ndinali m'kanyumba ka zipangizo, kamene kawindo kake kamayang'ana kuseri kwa thanki. Ndinaona mwana wanga wamkazi akutulukira, kamnyamata kali kumsana, makapu awiri a tiyi ali m'manja. Mbali inayo kunatulukira Khoma.

Ndinati ohoo, ndiye iwe ndiwe mtumiki wa mayi ako, umanyamula mwana kudzamuonetsa kwa bambo ake.

Anamutsitsa mwanayo n'kumukhazika pa nsalu pamthunzi wa thanki. Anaimirira awiriwo akulankhula motsitsa. Khoma ankaloza mtengo wofotawo akupukusa mutu. Kenako mwana wanga anatsamiritsa mutu wake pachifuwa pa mnyamatayo, ndipo iye anamugwira pamsana.

M'maso mwanga munada. Ndinati galu ameneyu wadya mayi, wadyanso mwana. Dzanja langa linapeza chikwanje lokha.

Ndili pakhomo ndi pamene ndinaona pa nsalu paja palibe munthu.

Anali atakwawa mpaka patsinde pa mtengo. Pamene madzi anakokolola dothi, timibulu tija tinali poyera, tikuwala padzuwa ngati maswiti. Kadzanja kaja kamene ankati n'ka goloboyi kanatola. Kanapita kukamwa. Kanabwereranso pansi.

Sindinathamangepo chigulukireni bondo, koma tsiku limenelo ndinathamanga. Chikwanje ndinaiwala kuchitaya. Khoma atachiona anaima kutsogolo kwa mtsikana, manja atatambasula ngati ali pagolo.

"Madala, dulani ine! Iyeyu musiyeni!"

Ndinawadutsa onse awiri. Ndinagwa chogwada, ndinapisa chala m'kamwa mwa mwanayo. Chinatuluka chabuluu.

"Wadya chiyani? Ababa, wadya chiyani?" anafunsa mtsikana.

Mwanayo anasanza. Kenako thupi lake linalefuka, maso anatembenuka.

Mtsikana anandilanda ngati chiwombankhanga. Kukuwa kwake ndimakumvabe mpaka lero.

"Mwana wanga! Mayo ine, mwana wanga!"

Sananene kuti mlongo wanga. Anang'amba mabatani a bulauzi n'kumuika kubere, ndipo mkaka unatuluka, ukuyenderera pa tsaya la mwana wosayamwayo.

Ndinakhala pansi m'matope. Bulangeti lija, msika wosatha uja, botolo lija, chipinda chokhoma chija, zonse zinabwera pamodzi n'kundimenya kumaso.

6

Khoma ananyamula mwanayo n'kuthamangira ku galimoto. Mayi Masamba, amene anamva kukuwa, anandikankhira kumpando wakumbuyo.

Kuchipatala dokotala analowa naye, posakhalitsa anatulukanso.

"Wadya mankhwala anji? Ali amitundu yambiri, ndipo ochotsera ake ngosiyana. Popanda kudziwa tikungoponya mwala mumdima. Chitini chake chili kuti?"

"Pa bwalo pathu palibe mankhwala otere," anatero Mayi Masamba. "Tinachotsa onse. Eti, madala?"

Onse ananditembenukira.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinayankha nthawi yomweyo. Ayi. Ndinaona ntchito yanga, ndinaona apolisi, ndinaona anyamata aja amene anandikweza m'mwamba akundilavulira. Ndipo mumtima mwanga munali kamawu kena kakuti, mwanayu si wako, akunamiza iwe, asiye azione.

Mwana wanga anagwada pa simenti n'kugwira mwendo wa buluku langa, pamalo pomwe paja kamnyamatako kankagwira.

"Ababa, ngati mukudziwa kanthu. Mudzandiphe ine pambuyo pake."

"Chili pansi pa matumba a laimu," ndinatero. "Ndinathira ndine."

Palibe anandimenya. Bwenzi zili bwino akanandimenya. Khoma anangondigwira pamkono n'kundikokera ku galimoto, chifukwa makiyi a kanyumba anali ndi ine. Njira yonse, kupita ndi kubwera, analankhula kamodzi kokha.

"Gwiritsani chitinicho, madala, chingatayike."

Titabwerera ndinapeza mkazi wanga atafika. Anandidikira mpaka dokotala atatenga chitini, kenako anandikokera pakona. Sanakweze mawu.

"Mukufuna kudziwa chifukwa chake? Tsiku limene mwana wanu anadziwa kuti ali ndi pakati ndinamupeza kubafa ali ndi chingwe. Sankaopa manyazi, ankaopa inu. Ndinaona kuti kuli bwino ndikunamizeni kusiyana n'kuti ndiike maliro."

"Ndiye munalola ndiziganiza kuti inuyo ndi mnyamata uja..."

"Ndinalola. Dzina langa n'chiyani? Mnyamatayu wakhala akufuna kubwera ndi akwawo kudzagwada. Ndinkamuletsa ndine. Nanga ndikanati abwere inu mukunola chikwanje pakhonde?"

"Mukanandiuza."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Liti, bambo? Ndi tsiku liti limene munakhalapo munthu wouzika?"

Dzuwa likupendeka namwino anatuluka n'kufunsa kuti mayi a mwana ndi ati. Mkazi wanga anayamba kudzuka, mwa chizolowezi, kenako anakhalanso pansi. Anadzuka mtsikana. Mwanayo anali atatsegula maso.

7

Anachira, ngakhale m'mimba mwake simunabwererenso bwinobwino. Ntchito yanga inatha sabata yomweyo. Kupolisi sanandipereke chifukwa mwana wanga anakawadandaulira mabwana. Dothi la kuseri kwa thanki anabwera kudzalikumba anthu ovala magolovesi, analitenga m'migolo yotseka. Khoma anamukwatira mtsikanayo, akukhala mbali ina ya tawuni. Mkazi wanga anapita kukawathandiza kulera mwana. Anati masiku ochepa. Zovala zake zinatsatira pang'onopang'ono, lero diresi, mawa nsapato, mpaka m'kabati munatsala mahang'ala okha.

Ndinakumana nawo kamodzi pamsewu. Kamnyamatako kanali kakuyenda kokha.

"Pereka moni kwa agogo," anatero mayi ake.

Kanandiyang'ana, kenako kanabisala kuseri kwa siketi. Sindikudziwa ngati mwana amakumbukira mwendo umene unkasuntha.

Inu amene mukuwerenga, musayembekezere kuti ndinene kuti ndinakhululuka. Anandinamiza anthu atatu m'nyumba mwanga momwe, anandipatsa mwana wamwamuna n'kundilandanso, ndipo bala limenelo ndifa nalo. Koma ndikakhala pandekha, khoma ndi khoma zikundiyang'ana, ndimadziwa amene anawaphunzitsa bodzalo. Bambo amene amanola chikwanje ana ake akuona amaganiza kuti akutchinga nyumba. Sadziwa kuti akungotseka pakamwa pa anthu, ndipo tsiku limene adzafune choonadi sadzapeza womuuza. Ngati nanunso muli ndi chitini chimene munasunga pansi pa matumba, mukuti mulibe nacho cholinga, ine ndinkateronso.

Mtengo wanga uja ukadalipo pa mzere wa kuseri kwa golo, pafupi ndi mpanda wa waya. Wapitirira mpandawo tsopano. Ndinkaganiza kuti kachitsulo kanga akachotsa, koma sanatero. Khoma anangomangirira kake pambali pake, ndi tepi yoyera ija. Kaya n'kukhululuka, kaya akufuna ndizikumbukira ndikamadutsa, sindikudziwa. Ndinakuuzani kale kuti sindikhulupirira munthu.

Koma nyengo yotentha ikafika ndimatenga botolo la madzi n'kupita kumeneko wapansi. Mlonda wa pa geti amandidziwa, amayang'ana kumbali. Ndimapisa dzanja pa waya, waya n'kumandikala, n'kuthira patsinde. Madzi ambiri amatayikira kunja kwa mpanda, kumene ndaima ine.